KOMPYUTA IKAKANA KUWERENGA ZA M'KATI MWACE

Ku Matero, Chawama, Kanyama ndi ku Mtendere kuli anthu ambiri amene adyera pa kompyuta. Ena alembera anzao makalata ofunsira nchito, ena ajambula zithunzi za maukwati. Zonsezi zisungidwa m'kabokosi kacitsulo kochedwa hard drive, ndipo kakafa, nchito ya zaka zambiri ifera pomwepo.

M'kati mwace muli timbale tozungulira ngati mbale za galamafoni, koma ito tizungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mineti imodzi. Kasingano kowerenga sikakhudza mbale ai. Kayandama pa mphepo, pa mpata wocepa koposa tsitsi la munthu. Cifukwa cace cinthuci cidana ndi kugwa, kugwedezeka, ndi magetsi ozimazima. Mu 2024, madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo makina otere sakondwa nako kuzimidwa ali pakati pa kulemba.

Tsono kompyuta ikanena kuti siiona hard drive, mwini wace asataye mtima msanga. Ayambe wazula nthambo ya magetsi ku khoma, napenye nthambo ziwiri zolowa m'kabokosiko. Kawirikawiri imodzi yangomasuka, kapena fumbi laiphimba. Ikayamba kuwerenga, ngakhale mocedwa, nchito yoyamba ndiyo kukopera zonse zofunika pa flashi kapena pa hard drive yina. Kukonza kubwere pambuyo.

Koma likamveka phokoso lakuti "kha! kha! kha!" nkhani yakula. Kasingano kalephera kupeza malo ace, kapena kayamba kukala mbale. Apa azime pomwepo. Kuyatsa kawiri katatu ndiko kuonjezera mabala, ndipo malo okalika sabwerera. Alipo ena amene alangiza kukamenya ndi dzanja kapena kukagoneka m'firiji. Uphungu wotere ngwoononga. Kutsegula kabokosiko m'nyumba nkoipa koposa, pakuti kafumbi kamodzi kakwanira kuphwanya kasingano.

Popita kwa mmisiri m'tauni, munthu anene mau ace momveka: afuna zolembedwa zace, osati kompyuta yoyaka cabe. Amisiri ambiri, pofuna kufulumira, afafaniza zonse nalowetsamo Windows yatsopano. Makina ayakadi bwino, koma zithunzi za ukwati wa eni ace zapita, ndipo mkwati ali pakhomo kuzifuna.