SELENIUM: PAMENE MPUMIRO SUTANTHAUZA KUIMA

A Wapampando, aphunzitsi athu amene munapuma, ndi inu nonse amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba pasukulu ino, zikomo pondipatsa mpata. Komiti inati ndilankhule za sayansi mwachidule, ndiye ndasankha kanthu kotchedwa selenium, kamene Berzelius wa ku Sweden anatulukira mu 1817. Munthu wamkulu amafunika ma microgram ngati 55 patsiku, mlingo woti diso silingauone, koma popanda iko thupi limavutika.

Mukukumbukira za m'kalasi ya Biology: mapuloteni amamangidwa ndi timaduka 20 totchedwa amino acid, ndipo selo imawerenga malangizo ake zilembo zitatuzitatu. Zilembo za UGA zili ngati mpumiro, zimati "ima, ntchito yatha." Koma mu 1986 akatswiri anapeza kuti nthawi zina selo ikafika pa UGA siima. Imaikapo kaduka ka nambala 21, selenocysteine, kamene kali ndi selenium, n'kupitiriza ulendo.

Imadziwa bwanji? Anzanga a m'boma mumvetsa msanga. Kalata ikhoza kuoneka ngati yakana, koma kumapeto kwake bwana n'kukhala atalembapo mawu osintha zonse. Uthenga wa mu selo nawonso uli ndi kachigawo kopindika chakumapeto, kotchedwa SECIS, kamene kamaitana mapuloteni othandiza kuti UGA awerengedwe mwa njira ina. Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti selo sisunga selenocysteine m'nkhokwe. Kangolo kake, kotchedwa tRNA, kamayamba kanyamula kaduka kena, serine, ndipo ali pangolo pomwepo amasulidwa mpaka kusanduka selenocysteine. Ntchito yonseyi n'chifukwa cha mitundu 25 yokha ya mapuloteni! Ena mwa iwo amateteza maselo kuti asawonongeke, ena amadzutsa mahomoni a m'chithokomiro. Selenium akachepa, selo imangoima pa UGA paja, puloteni n'kutsala yosatha.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pambale pathu. Selenium amachokera m'nthaka, ndipo dothi la asidi la m'madera ambiri a Malawi limamugwira osamupereka ku mbewu. Kafukufuku wa a Allan Chilimba ndi anzawo, amene anatuluka mu 2011, anaonetsa kuti chimanga chathu chambiri chili ndi selenium wochepa zedi, kupatula cha m'madera ena monga m'chigwa cha Shire, kumene dothi ndi losiyana. Munthu akhoza kukhuta nsima katatu patsiku, maselo ake ali ndi njala.

Dziko la Finland linali ndi vuto lomweli, ndipo mu 1984 linayamba kuthira selenium m'feteleza. Inu a ku Unduna wa Zamalimidwe amene mwakhala kumbuyoko, tikambirane zimenezi pa nthawi ya tiyi. Enanu musathamangire mapiritsi, chifukwa selenium akachuluka ndi poizoni. Nsomba zili naye wambiri, choncho usipa uja tinkaunyoza ku dining uzipezeka pakhomo.