MWANA WATHU ANACHIRA KHANSA: ZIMENE TINAPHUNZIRA MONGA BANJA

Mau amene makolo ena analankhula pa msonkhano wa makomiti a zaumoyo a m'midzi. Maina sanalembedwe polemekeza mwanayo.

MAU OYAMBA

 Taimirira pano anthu awiri, bambo ndi mai a nyumba imodzi, koma mau athu ndi amodzi. Ife si madokotala ai. Ndife alimi a m'mbali mwa nyanja, olima chimanga, chinangwa ndi kampunga pang'ono. Tapemphedwa kuti tikufotokozereni za mwana wathu wachitatu, wamwamuna, amene anadwala khansa ali ndi zaka 6. Lero ali ndi zaka 11 ndipo ali mu Sitandade 5.

Mfundo yathu ndi imodzi. Khansa ya ana imatha kuchizika, koma pokhapokha mwana atamaliza mankhwala onse, ndipo banja palokha silingathe kumufikitsa kumapeto. Tifotokoza ndi zolakwa zathu zomwe, kuti ena asagwere m'mbuna imene ife tinagweramo.

M'MENE MATENDA ANAYAMBIRA

Unali mwezi wa Okutobala pamene tinaona kuti tsaya lamanja la mwana latupa ndipo mano awiri akugwedera. Tinati ndi dzino. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anatipatsa mankhwala a ululu ndi makapisozi, tinabwerera. Patapita sabata imodzi chotupa chija chinali ngati bango la pa mtengo wa papaya, kukamwa kunapotoka, mwana nkumalephera kutafuna nsima.

Apa anthu anayamba kunong'ona. Amati matenda a Mulungu sakula msanga chomwechi, pali dzanja la munthu. Tinapita kwa sing'anga. Anamutema mphini patsaya, nalandira nkhuku ndi ndalama, kenaka natchula gogo wina wamasiye wa m'mudzi mwathu kuti ndiye walodza mwana. Tikuulula pamaso panu kuti tinakhulupirira. Tinaleka kuwapatsa moni agogowo, ndipo ana athu tinawaletsa kukawatungira madzi.

Masabata atatu anathera pamenepo. Amene anatipulumutsa ndi mlangizi wa zaumoyo amene anabwera kudzayeza ana sikelo. Atangomuona mwana anati, "Bambo ndi mai, musagone. Mawa m'mamawa mukafike ku chipatala cha boma, mukapemphe kuonana ndi dokotala." Kumeneko sanatisunge. Anatilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha mumzinda.

KODI MATENDAWA NDI OTANI?

Madokotala anatengako timadzi ta m'chotupa ndi singano, anajambula m'mimba, anayezanso magazi. Kenaka anatikhazika pansi natiuza kuti mwana ali ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland, amene anafotokoza za matendawa mu 1958 ataona ana ambiri otupa nsagwada ku Uganda. Ndi imodzi mwa khansa zimene zimagwira kwambiri ana muno m'Malawi, makamaka kumadera a malungo ambiri monga kunyanja ndi kuchigwa cha Shire. Imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 7, anyamata koposa atsikana. Imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba.

Anatifotokozeranso gwero lake. Pali kachirombo kotchedwa Epstein-Barr, kamene kanapezeka mu 1964. Pafupifupi munthu aliyense ali nako ndipo kwa ambiri sikachita kanthu. Koma mwana akamadwala malungo kawirikawiri, thupi limalephera kukaletsa bwino, ndipo mwa ana owerengeka asilikali ena a m'thupi amayamba kuswana mopanda malire. Chotupa chake chingathe kukula kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Kukula msanga kumene ife tinakutcha ufiti ndiwo mkhalidwe wa matendawo. Khansayi si yopatsirana, ndipo si chilango cha tchimo la makolo.

Chotilimbitsa mtima chinali chakuti khansa yokula msangayi imamvanso mankhwala msanga. Ana odwala khansa amathandizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za boma mankhwalawa salipiritsa.

MOYO WA M'WODI

Mai ndiwo anakhala gadiyani, bambo anabwerera kumudzi kukasamala ana ena ndi munda. Mankhwala ankalowa kudzera m'dilipi, ena akumwa, ena obaya kumsana pofuna kuteteza ubongo. Sanali operekedwa tsiku limodzi ai, koma m'zigawo, ndipo tsiku lililonse lobwerera ankalilemba m'kabuku ka kuchipatala.

Musanamizidwe, mankhwalawa ndi owawa. Mwana ankasanza, tsitsi linathothoka, m'kamwa munatuluka zilonda. Kawiri konse anamuonjezera magazi. Ankakana chakudya, koma anamwino anatiphunzitsa kumpatsa pang'onopang'ono kawirikawiri: phala lothira nsinjiro, chiponde, mazira, nthochi, usipa wosinja, ndi madzi ambiri owiritsa. Anatiuza kuti mwana wonyentchera sapirira mankhwala.

Lamulo limene anatibwerezera kwambiri ndi la kutentha thupi. Mankhwala a khansa amachepetsanso asilikali abwino a m'thupi, makamaka sabata yachiwiri mwana atalandira. Nthawi imeneyo akatentha thupi, si zogula panado pagolosale nkudikira kuche. Nkuthamanga naye usiku womwewo, kabuku kali m'manja. Anatichenjezanso kuti asayandikane ndi ana odwala chikuku kapena katsabola.

Kumudzi tinalakwanso china. Mwana wathu woyamba, mtsikana wa zaka 13, tinamusandutsa mai wa pakhomo, ndipo anajomba kusukulu teremu yonse. Chaka chimenecho anabwereza kalasi. Maso athu onse anali pa wodwala, osaona kuti ana enawo akudwala mumtima.

MAYESERO AAKULU: PAMENE CHOTUPA CHINAPHWA

Atalandira chigawo chachiwiri, chotupa chinaphweratu. Nkhope inabwerera mwakale, mwana anayamba kusewera mpira wachikulunga. Anatilola kupita kumudzi, natiuza tsiku lobwerera.

Abale ndi alongo, mvetserani bwino pano, pakuti apa ndi pamene tinatsala pang'ono kumutaya mwana. Unali mwezi wa Disembala, mvula ili pakati, udzu wadzadza m'munda. Tinali titagulitsa kale mbuzi ziwiri ndi njinga, ndalama ya feteleza nayo inathera m'maulendo. Mankhwala ndi aulere inde, koma minibasi, sopo, nkhuni ndi ndiwo za gadiyani si zaulere. Amalume ake a mwana, amene ndiwo eni mbumba, anabwera nati, "Alamu, mwanayu wachira, tonse tikuona. Mukam'bayitsenso kuti tsitsi lithere? Nanga enawa adzadya chiyani chaka chamawa?" Sanalankhule mwa nkhanza. Analankhula zimene ifenso tinali kuganiza.

Tsiku lija linakwana, sitinapite. Panadutsa masiku 9. Kenaka namwino wa kuwodi anaimba foni kwa mlangizi wathu uja, ndipo mlangiziyo anatibweretsera foniyo pakhomo. Namwino sanatikalipire. Anati, "Inu ndinu alimi. Mukasadzula kapinga pamwamba, munda umaoneka woyera, koma mizu ili pansi. Khansa imene mukuiona yatha, yatsala imene simungaione. Ikaphukanso imakhala yovuta kuchiza koposa poyamba."

Usiku umenewo sitinagone. M'mawa tinapita kwa amfumu kukanena poyera kuti zatikanika. Kupempha kunatichititsa manyazi, koma mutu umodzi susenza denga.

AMENE ANATINYAMULA

Amfumu anaitanitsa msonkhano pabwalo. Mlangizi wa zaumoyo anafotokozera mudzi wonse za matendawa, ndipo amalume atamva za mizu ya kapinga ndiwo anayamba kuponya ndalama m'mbale. A banki m'khonde anatibwereka ndalama ya ulendo popanda chiongoladzanja. Amai a mumpingo, pamodzi ndi anzao achisilamu, anatipalirira munda masiku awiri. Mnyamata wina wa kabaza ankatifikitsa kumseu waukulu osalandira kanthu. Azakhali anadzakhala pakhomo kuti mtsikana wathu abwerere kusukulu.

Tsiku lonyamuka, kusanache, tinamva odi pakhomo. Anali agogo aja tinawanenera ufiti. Anatenga mazira 6 m'kambale ndi mtedza m'kansalu, nati, "Mukampatse mdzukulu wanga adye." Tinasowa poyang'ana. Titabwerako tinakawapepesa pamaso pa amfumu. Pamenepo tinauzidwanso kuti lamulo la dziko lino, limene linakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kunenera munthu ufiti. Tikadapitiriza, tikadapha anthu awiri: mwana pochedwa naye, ndi nkhalamba yosalakwa poisala.

Kuchokera pamenepo sitinaphonyenso tsiku, mpaka madokotala eni ake anati mankhwala akwana.

KUCHIRA SIKUTHERA PACHIPATALA

Tinaganiza kuti mavuto atha, koma kuchira ndi ulendo wina. Madokotala anatiuza kuti khansa imeneyi ikafuna kubwerera, kawirikawiri imabwerera m'chaka choyamba. Motero tinapitiriza kupita naye kukamuona pa masiku amene anatilembera, ngakhale ankaoneka wathanzi. Chaka chimenecho akangoti mutu, mitima yathu inkadumpha. Madzulo alionse mai ankamusisita tsaya ngati akumugoneka, pamene akufufuza chotupa.

Kusukulu anzake ankamuseka chifukwa cha mpala, ena ankakana kukhala naye pafupi poopa kutengera. Anayamba kubisala kudimba m'malo mopita m'kalasi. Tinakaonana ndi aphunzitsi, ndipo iwo anafotokozera ana onse kuti mnzao sangawapatsire matenda. Tsitsi linamera, chimwemwe chinabwerera pang'onopang'ono. Tinaphunziranso kumuuza zoona. Mwana wa zaka 6 amamva zambiri, ndipo amaopa kwambiri akamaona akulu akunong'onezana.

Ifenso awiri tinayenera kuchira. Ngongole, kutopa ndi kutalikirana zinabweretsa mikangano, mpaka ankhoswe anatikhazika pansi. M'wodi tinaona amai ena amene amuna ao anawathawa matenda atatalika. Abambo anzathu, kudwazika mwana si ntchito ya amai okha.

Sitinganene kuti ana onse amachira. Pa bedi loyandikana ndi lathu panali mtsikana amene anafika matenda atafalikira. Madokotala sanamutaye. Anampatsa mankhwala oletsa ululu, ndipo anamwalira mwamtendere m'manja mwa amai ake. Mwana amene sangachire ali nawobe ufulu wosamalidwa ndi wosamva ululu, ndipo banja lake lisamaimbidwe mlandu.

UFULU NDI UDINDO WATHU

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa. M'maiko olemera, ana oposa 80 mwa 100 alionse amachira. M'maiko ambiri osauka, ochira sakwana 30 mwa 100. Zina mwa zifukwa zake ndi zomwe tafotokozazi: kufika mochedwa, matenda kusadziwika msanga, ndi kusiyira mankhwala panjira. Mu 2018 bungweli linakhazikitsa cholinga chakuti pofika 2030 ana osachepera 60 mwa 100 azichira.

Dziko lathu linavomereza mu 1991 Pangano la Ufulu wa Ana limene maiko anagwirizana mu 1989, ndipo panganoli limati mwana aliyense ali ndi ufulu wa moyo ndi wolandira chithandizo cha mankhwala. Ufulu umenewu uli ndi eni ake oufikitsa kwa mwana.

Makolo: tili ndi ufulu wofunsa dokotala dzina la matenda, kutalika kwa mankhwala ndi zovuta zake. Mwana akapanda kupeza bwino, tibwererenso ndi kupempha kuti atitumize ku chipatala chachikulu. Udindo wathu ndi kusunga masiku ndi kugoneka ana m'neti.

Mafumu ndi makomiti: dziwani mabanja amene ali ndi mwana wodwala matenda a mgonagona. Konzani thumba la ulendo wa kuchipatala matenda asanagwe. Letsani kunenerana ufiti.

Aphungu ndi makhansala: tiziwafunsa za mankhwala, ma ambulansi ndi miseu yopita kuzipatala, pakuti tinawasankha ndife.

Tonse tithamangire kuchipatala tikaona zizindikiro izi pa mwana:

1. Chotupa pansagwada, pakhosi kapena m'mimba chimene chikukula.
2. Kadontho koyera m'kati mwa diso, kowala ngati diso la mphaka, kapena diso lotuluka.
3. Kutentha thupi kosatha ngakhale walandira mankhwala a malungo.
4. Kuchepa magazi kawirikawiri, kukha magazi m'kamwa kapena m'mphuno.
5. Kuphwanya kwa mafupa, kuonda kosadziwika bwino, mutu wosatha ndi kusanza m'mawa.

MAU OTSIRIZA

Pa 15 Febuluwale chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ana odwala khansa. Ife timakumbukira tsiku lililonse tikamuona mnyamata wathu akuthamangira kusukulu. Agogo aja anamwalira chaka chatha, ndipo zaka zao zomaliza amene ankawatungira madzi ndi iyeyo. Tikupemphani kuti pobwerera kwanu mukafunse ngati m'mudzi mwanu muli mwana amene wasiya mankhwala panjira, ndipo mukamupeze sabata ino. 

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Ndi zinthu ziti zimene zinachedwetsa banjali kufika ku chipatala chachikulu? Kodi zimachitikanso kwathu kuno?
2. Amalume anali ndi nkhawa ya njala. Mukadakhala inu, mukadawayankha bwanji?
3. Tingateteze bwanji okalamba amene amanenedwa ufiti mwana akadwala?
4. Komiti yathu ingachite chiyani mwezi uno kuti pakhale thumba lothandiza ulendo wa kuchipatala?