Mbiri ya Doko la Mangochi ndi Ulendo wa ku Rhodesia: Mawu pa Msonkhano wa Anthu a ku Mangochi a M'minda ya Tiyi ya Honde Valley ndi Chipinge

Tawuni ya Mangochi ili pamtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe. Azungu asanafike, zombo za mafumu a Chiyawo monga Makanjila zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo mudzi wa Mponda ndiwo unkayang'anira potulukira Shire. Mu 1891 boma la Harry Johnston lidamanga linga pafupi ndi mudziwo n'kulitcha Fort Johnston. Chaka chomwecho Captain Cecil Maguire, yemwe adamanga lingalo, adaphedwa pothira nkhondo zombo za Makanjila.

Posakhalitsa Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi, idasanduka likulu la sitima za panyanja. Sitimazo zinkabwera zidutswazidutswa kuchokera ku Britain, amtengatenga n'kuzisenza kulambalala mathithi a Shire, amisiri n'kuzilumikiza padoko. Ndimo mmene idamangidwira Gwendolen, sitima yankhondo ya 1899, komanso Chauncy Maples ya mishoni ya UMCA mu 1901. Mu August 1914 Gwendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, idawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mzinga wa Gwendolen ukadalipo ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ya 1903, pamodzi ndi mwala wokumbukira anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya mu July 1946.

Njanji itafika kunyanja mu 1935, katundu adayamba kudzera ku Chipoka, ndipo ntchito za sitima zidasamukira ku Monkey Bay, m'boma lomwelo la Mangochi. Kumeneko ndiko sitima ya Ilala yachiwiri idalowa m'madzi mu 1951, ndipo asilikali a panyanja a dziko la Malawi amakhala komweko.

Doko lomwe linkalandira sitima lidatulutsanso anthu. Msonkho unkafuna ndalama pomwe malipiro ku Nyasaland adali ochepa, choncho amuna ambiri adalowera ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Oyamba adayenda wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi mpaka ku Mutoko. Am'mbuyo adakwera magalimoto a Ulere, ena adalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, ena adadzera njanji ya ku Beira n'kutsikira ku Mutare. Ambiri adayambira m'migodi ndi m'minda ya fodya. Ulimi wa tiyi udayamba ku Chipinge mu 1924 pamunda wa New Year's Gift, chiyambi cha kampani ya Tanganda, ndipo ku Honde Valley minda ikuluikulu idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. M'minda imeneyi anthu a ku Nyasaland adathyola tiyi dengu lili kumsana, adagwira ntchito m'fakitale, ena adakhala akapitawo. M'makomboni adamanga mizikiti ndi matchalitchi, n'kuyambitsa magulu othandizana pamaliro. Amene sadabwerere kumudzi adatchedwa machona.

Ana awo adabadwira ku Zimbabwe, koma lamulo la unzika la 2001 lidasiya ambiri ali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo omwe kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC. Komabe pofuna chitupa, kaya ku Zimbabwe kaya ku Malawi, munthu amafunsidwa za makolo ake. N'chifukwa chake banja lililonse la m'bungwe lathu lino la anthu a ku Mangochi liyenera kukhala pansi ndi agogo akadali moyo, lilembe dzina la mudzi, la mfumu, la mfumu yaikulu ndi chaka chomwe kholo lidachoka ku Mangochi, ndipo mlembi wa bungwe asunge zonsezo m'kaundula.