Ndege imene tinaitaya pa Chileka

Mwandipempha kuti ndilankhule za malo oti munthu wokonda ndege angakaone mu Blantyre muno. Ndiyambe ndi chomwe sichikoma: nyumba yosungiramo ndege zakale zokhazokha ife tilibe. Koma musafulumire kunyamuka, chifukwa mbiri ya ndege mumzinda uno ilipo yambiri, kungoti inamwazika, ndiye pamafunika miyendo ndi maso.

Pa Chileka ambiri timangopadziwa ngati malo operekezera achibale opita ku Joni. Koma pa 6 July 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsikira pomwepaja pobwera kudzatsogolera nkhondo yothana ndi chitaganya, ndipo anthu miyandamiyanda anakhamukira kukamulandira. Miyezi isanu ndi itatu yokha itadutsa, pa 3 March 1959, atsamunda anamugwira kunyumba kwake ku Limbe, ndipo ndi pa Chileka pomwepo pamene anamukweza ndege kupita naye kundende ya Gwelo, komwe lero timati Gweru. Ndiye mukamadutsa pansi pa chipilala cha ufulu pa Chichiri mu msewu wa Masauko Chipembere, dziwani kuti nkhani ya chipilalacho ili ndi phokoso la ndege mkati mwake.

Tsopano nkhani yomwe imandiwawa ine. Air Malawi inayamba mu 1964 ili pansi pa Central African Airways, n'kudzaima payokha mu 1967. Mu 1974 inagula ndege yaikulu yotchedwa Vickers VC10, nambala yake 7Q-YKH. Paja 7Q ndi chizindikiro cha ndege zolembetsedwa ku Malawi. Mukaona zilembo zimenezi pafupi ndi mchira, ndi yathu imeneyo. VC10 inali ndege yosiyana ndi zomwe mumaziona lero. Injini zake zinayi sizinali pansi pa mapiko ayi, zinali kumbuyo, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo, ndipo mchira wake unali wautali wokhala ngati chilembo cha T. Anaipanga dala chonchi. Pamalo okwera komanso otentha mpweya umapepuka, ndiye ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Mapiko opanda injini zolendewera amanyamula bwino ngakhale ndege isanathamange kwambiri, choncho VC10 inkatha kunyamuka pa mabwalo afupiafupi a muno mu Africa pomwe zina zazikulu zinkavutika. Ndege imeneyi inkanyamula anthu kuchoka pa Chileka mpaka London. Tangoganizani, kukwera minibasi pa Kameza lero, n'kumadziwa kuti makolo athu ankanyamukira pomwepa kupita ku Ulaya pa ndege ya mbendera yathu.

Inasiya kunyamula anthu mu 1979 chifukwa inkamwa mafuta kwambiri. Kenako inakhala pa Chileka zaka zambirimbiri, dzuwa ndi mvula zikuimenya, mpaka m'zaka za m'ma 1990 anaiphwanya n'kukhala zitsulo. Basi, inathera pomwepo.

Mukudziwa chowawitsa? Mbale wake weniweni wa ndege imeneyi, yopangidwa pa fakitale imodzi, yomwe pambuyo pake inkanyamula mfumu ya ku Oman, ili ku Brooklands Museum ku England mpaka lero, anthu akulipira ndalama kuti alowemo. Ku Germiston, pa Rand Airport, anasunga Boeing 747 ya South African Airways yotchedwa Lebombo. Amene muli ndi achibale ku Joni auzeni akakujambulireni. Ngakhale ku Gweru komwe Kamuzu anamangidwa kuja, miyuziyamu ya asilikali ili ndi ndege zakale pabwalo. Ife tinali nayo yathu, itaima kale pakhomo, yosafuna ngakhale kuinyamula kuchoka kutali.

Ndipo si kuti sitidziwa kusunga. Lowani ku miyuziyamu ya pa Chichiri, yomwe inatsegulidwa mu 1966, mukapeza panja mutu wa sitima yoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto ndi makina ena. Kwa wokonda ndege, pamenepo pali sukulu: imani pafupi ndi sitimayo muone kulemera kwa chitsulo chake, ndiye mumvetsa chifukwa chake anthu sanathe kuuluka mpaka atapeza injini zopepuka. Mandala House yakhala chiimire kuyambira 1882, ndipo m'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi momwe muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, nacho chilipo. Njerwa tinasunga. Ndege ndiye inatipulumuka.

Air Malawi inatsekedwa mu 2013, ndipo m'malo mwake munabwera kampani yomwe boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines. Ena mwa inu munali musanayambe sukulu. Mayina ngati Kwacha ndi Sapitwa, omwe analembedwa pa ndege zake za Boeing 737, kwa inu ndi ndalama ndi phiri basi. Koma anthu amene ankaziyendetsa, amakaniko, amayi omwe ankalandira alendo m'ndegemo, ambiri akadali moyo ndipo tikukhala nawo ku Chilomoni, ku Chirimba, ku Namiwawa, ku Bangwe. M'masutikesi mwawo muli mayunifolomu, matikiti ndi zithunzi. Akatisiya, ana amasesa zonsezo n'kukatentha kudzala, osati mwa nkhanza, koma chifukwa palibe amene anabwera kudzafunsa.

Ndiye pempho langa ku kalabu ndi ili. Loweruka lina tiyende wapansi kuchoka pa Mandala kukafika pa Chichiri, kenako tikwere minibasi ya ku Chileka. Pa foni ikani Flightradar24 kuti mudziwe ndege yomwe ikubwera ndi nthawi yake, muphunzire kusiyanitsa Q400 ya mapulopela ndi 737 ngakhale ndi khutu lokha. Chonde, pa bwalo la ndege musamangotulutsa foni n'kuyamba kujambula mpanda kapena apolisi; ndi malo otetezedwa, tipemphe chilolezo kaye, ndipo akakana tikhale takana nawo.

Koma ntchito yeniyeni ndi ya kunyumba. Aliyense afunse kwawo, kutchalitchi, kumzikiti: ndani anagwirako ku Air Malawi kapena pa Chileka? Mukamupeza, pitani awiriawiri, mukhale pansi mwaulemu, mupemphe kujambula mawu ake ndi zithunzi zake, zenizenizo muzisiye m'manja mwake. Tikasonkhanitsa zokwanira, tilembe kalata ku miyuziyamu ya pa Chichiri kupempha kangodya kamodzi. A sekeletale ali ndi kope apa, amene mukudziwa kale munthu wotere lembani dzina lanu musanatuluke.