NDODO ZIWIRI ZA MLENJE WA KUMAPIRI

Lero tiyenda ulendo wautali m'maganizo, kupita ku mapiri a Rocky, kumadzulo kwa dziko la United States of America. Kumeneko tikaona cinthu cimene mucidziwa kale, cimene agogo anu amaimika kuseri kwa citseko. Cinthuco ndi ndodo.

M'cigawo ca Colorado muli mapiri aatali opitirira mamita 4,000. M'miyezi ya September ndi October alenje okhala ndi cilolezo ca boma amakwera kumeneko kukasaka nyama yochedwa elk. Nyamayi ifanana pang'ono ndi ngoma yathu ya ku Luangwa, koma iyo ndi yaikulu kuposapo, pakuti yamphongo imatha kulemera makilogalamu 300.

Tsono mvetsetsani bvuto la alenjewa. Lamulo lochedwa Wilderness Act, la caka ca 1964, linaletsa galimoto ndi makina ena oyendera kulowa m'madera ena a thengo. Ndiponso malamulo a kumeneko salola mlenje kusiya nyama yodyedwa kuti iolere pomwe yagwera. Akulu anati walira mvula walira matope. Wopha elk, ngati alibe kavalo, ayenera kuidula nthulinthuli ndi kuibereka kumsana, maulendo angapo, kutsika nayo pa miyala yoterera. Akatereka ndi kuthyoka mwendo, cipatala ciri kutali, ndipo usiku wa kumapiri ndi wozizira koopsa.

Ici ndico cifukwa cace alenje ambiri amayenda ndi ndodo ziwiri, ina ku dzanja lamanja, ina ku lamanzere. Ndodozi si za mtengo ai. Zambiri amazipanga ndi aluminiyamu, ndipo ndi zamphako ngati bango, motero ndi zopepuka. Zigawo zace zimalowana, kotero kuti munthu atha kuzitalikitsa kapena kuzifupikitsa monga afunira.

Kodi zimathandiza bwanji? Taganizani za mphika wa amai pamoto. Pa mafuwa awiri sungakhazikike, koma pa atatu ukhala ndithu. Munthu poyenda amanyamula phazi limodzi, ndipo pa kanthawi kameneko thupi lonse ndi katundu yemwe ziri pa phazi limodzi lokha. Akakhala ndi ndodo, pansi pamakhala potsamira pena, ndipo manja amalandirako kulemera kumene kukanagwera maondo okha.

Komatu ndodo iri ndi kagwiridwe kace. Pamalo osalala mlenje amaicera kuti, nsonga ikagunda pansi, cigongono cace cipindike ngati ngodya ya buku. Pokwera phiri amaifupikitsa, cifukwa nthaka ya kutsogolo yamuyandikira. Potsika amaitalikitsa, naponya nsonga patsogolo phazi lisanafike. Kucigwiriro kuli kalamba kamene amalowetsamo dzanja kucokera kunsi, kuti asatope ndi kufumbata. Koma pamalo oopsa amaturutsamo manja, kuopa kuti akagwa ndodo ingamupotole dzanja.

Palinso cina. Nsonga ya ndodoyi ndi yacitsulo colimba, ndipo pa mwala imalira kuti ngwe! ngwe! Nyama ya m'thengo iri ndi makutu akuthwa. Motero mlenje wocenjera amabveka nsongazo timphira, ndipo akayandikira nyama amazipinda ndi kuzimangirira pa cola cace. Pofuna kuombera, ena amapingasa ndodo ziwirizo ndi kutsamiritsa mfuti pamphanda pace, kuti isagwedezeke. Ici ncacikulu, pakuti mfuti yogwedezeka imangolasa nyama, ndipo nyamayo imakafera kutali ndi ululu. Nzeru imeneyi si yacilendo kwathu kuno: alenje a cilolezo mu Africa amagwiritsa nchito timitengo titatu tomanga pamodzi mwa njira yomweyo. Usiku ukafika, ndodo zomwezo zimasanduka mizati ya katenti kace.

Pooloka mtsinje mlenje amayang'ana kumene madzi akucokera, nayesa kuya kwace ndi ndodo, nasuntha cimodzicimodzi: ndodo, phazi, ndodo, phazi. Madzi akakhala amphamvu amabwerera. Ana inu, gwirani mau awa. M'dzinja, mtsinje ukasefukira panjira ya kusukulu, ndodo siingakupulumutseni. Bwererani kunyumba, kapena dikirani akulu.

Kumbukiraninso kuti alenje amene tanenawa ndi akulu, ndipo ali ndi cilolezo. Kuno ku Zambia nakonso kusaka nyama zotetezedwa popanda cilolezo ndi mlandu. Cimene ife titengepo pa iwo ndi nzeru ya kayendedwe.

Aphunzitsi, phunziro likatha turukani ndi ana panja. Mwana mmodzi abereke cola ca mabuku, aime ndi mwendo umodzi, anzace awerenge kufikira atapendama. Kenaka mpatseni ndodo imodzi, pambuyo pace ziwiri, awerengenso. Alembe ziwerengero zitatuzo pa bolodi, ndipo afotokoze okha cifukwa cace zasiyana. Madzulo ano, ana inu, kafunseni agogo mtengo umene anasemako ndodo yao, ndi cifukwa cace anasankha umenewo.