Musasiye buledi musanakayezetse

Awa ndi mawu amene mnzathu analankhula pa tsiku la zaumoyo la kalabu yathu. Tawalemba momwe anawalankhulira kuti amene simunabwere mumve nawo.

Mutu womwe andipatsa ndi matenda a celiac komanso vuto la mkaka. Ineyo ndili ndi zonse ziwiri, nde sindikulankhula zongowerenga ayi. Udokotala ndilibe, koma paipi ya kamera ija ndinaimeza, ndipo zimene ndikuuzeni apa mukhoza kukazifunsa kuchipatala.

Chimene ndikufuna mutengepo lero n'chimodzi. Ngati mukuganiza kuti buledi amakupwetekani m'mimba, musamusiye musanakayezetse. Zikumveka zokhota, eti? Dikirani ndifotokoze.

Mu tirigu, mu balere ndi mu mbewu ina yotchedwa rye muli puloteni yotchedwa gluten. Ndi imene imachititsa kuti fulawa ukaikanda izimatana n'kumatamuka. Ufa wa chimanga sungautambasule ngati chapati chifukwa mulibe gluten. Kwa anthu ambiri gluten ndi chakudya basi, ilibe mlandu. Koma kwa munthu wa celiac, gluten ikafika m'matumbo asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kumenya matumbo a mwiniwake. Mkati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tambirimbiri tonga tizala, toimirira ngati ubweya wa thaulo latsopano, ndipo ndi timeneti timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Nkhondo ija imatiperepesa mpaka mkati mwa thumbo mumasalala ngati thaulo lomwe lachapidwa zaka khumi. Umadya ndithu, umakhuta, koma chakudyacho chimangodutsa.

N'chifukwa chake zizindikiro zake sizikhala za m'mimba zokha. Kutsegula m'mimba kulipo, kutupa mimba, mpweya, ena kudzimbidwa kumene. Koma wina amangokhala wochepa magazi chaka ndi chaka, amamwa mapilitsi a ayironi koma osasintha. Mwana amapinimbira. Wina amangotopa, zilonda m'kamwa sizitha, wina amatuluka timatuza toyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'mawondo. Pakapita zaka mafupa amafooka. Ndipo pali ena amene samva kalikonse pamene matumbo akuwonongeka.

Amene anatulukira kuti wolakwa ndi tirigu anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem-Karel Dicke. Anali akukayikira kale, koma umboni waukulu unabwera ndi njala ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945. Buledi atasowa m'dzikomo, ana odwala celiac anayamba kupeza bwino pamene anthu ena onse ankawonda. Buledi atabweranso, anawo anayambiranso kudwala. Dicke analemba zimene anapeza mu 1950.

Ndikudziwa kuti wina kumbuyoko akuti awa ndi matenda a azungu. Padziko lonse amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Ndipo chiwerengero chachikulu kwambiri chinapezeka muno mu Africa momwe. Mu 1999 dokotala wa ku Italy, Carlo Catassi, ndi anzake anayeza ana a mtundu wa Saharawi m'misasa ya anthu othawa kwawo ku Algeria, n'kupeza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 18 alionse anali nawo. Kunoko agogo athu ankakhalira nsima, chinangwa ndi mbatata, nde olo munthu akanakhala ndi chibadwa cha matendawa, panalibe chowadzutsa. Ife ndi m'badwo wa buledi m'mawa, mandasi pa buleki, manudozi usiku. Komanso matenda amene sayezedwa amaoneka ngati kulibe.

Koma apa pasakhale wina wotuluka muno n'kumati ndazindikira, ndili ndi celiac. Kunoko zinthu zotsegula m'mimba ndi zochepetsa magazi n'zambiri zedi: njoka za m'mimba, tizilombo ta m'madzi osatetezeka, malungo, zilonda za m'mimba, HIV, TB ya m'matumbo. Zambiri mwa izi n'zofala kuposa celiac, ndipo zili ndi mankhwala. Dokotala akayamba wayeza zimenezi musamuone ngati sakukumverani.

Tsopano kuyezetsa kwake. Koyamba ndi magazi. Amafufuza chinthu chotchedwa tTG-IgA, chimene thupi limapanga pamene lili pa nkhondo ndi gluten. Pamodzi ndi chimenechi ayenera kuyezanso IgA yonse ya m'thupi, chifukwa pali anthu ena amene thupi lawo silipanga IgA yokwanira, ndipo kwa oterowo zotsatira zimaoneka zabwino pamene matenda alipo. Magazi akaonetsa kuti chilipo, amakutumiza kukameza paipi. Ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kamera, kamalowera pakamwa, kudutsa m'chifu mpaka pamene matumbo aang'ono amayambira, ndipo amatsinako timinofu tingapo ting'onoting'ono kuti akaone ngati tizala tija taperepeseka. Sizokoma, koma ndi mphindi zochepa chabe, ndipo kutsinako sukumva n'komwe. Zimenezi sizichitika pa chipatala chaching'ono cha kwanu. Zipangizo zotere zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, choncho mumayambira pafupi n'kupempha kalata yokutumizani.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuyeza kuwiri konseku kumafufuza mabala a nkhondo ija. Ukasiya gluten, nkhondo imaleka. Chinthu chija chimatsika m'magazi, tizala timayamba kumeranso. Nde taganizani munthu amene waona vidiyo pa TikTok, wasiya buledi miyezi itatu, wapezako bwino, kenako n'kupita kukayezetsa. Zotsatira zibwera zoti alibe. Ndalama zapita, ulendo wapita, yankho n'labodza. Ndiye dokotala amuuza kuti abwerere ku buledi. Malangizo a madokotala a ku Britain amati munthu azidya gluten koposa kamodzi patsiku, tsiku lililonse, kwa masabata osachepera 6 asanayezedwe. Kubwerera ku chakudya chomwe thupi linapumako kumapweteka kwambiri, moti ambiri amalephera kumaliza masabatawo. Amangokhala moyo wonse osadziwa ngati ali nawo kapena ayi.

Mwina mukuti, nanga ngati wapeza bwino, kudziwako n'kwa ntchito yanji? Kusiyana kulipo, kwakukulu. Pali anthu amene tirigu amangowatupitsa mimba koma matumbo awo ali bwinobwino. Oterowo akhoza kuchepetsa, n'kumadyako keke pa ukwati osaopa. Wa celiac alibe mwayi umenewo. Kwa iye ndi moyo wonse, ndipo olo nyenyeswa zimawerengedwa. Lamulo la padziko lonse limati chakudya cholembedwa kuti chilibe gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Palibe munthu angasunge mwambo wolimba chonchi zaka 50 pongoganizira chabe. Ndipo munthu amene alibe matendawa sayenera kudzizunza nawo.

Pali kuyeza kwina kwa majini otchedwa HLA-DQ2 ndi DQ8, kumene sikudalira zimene ukudya. Ukapezeka ulibe majiniwa, celiac ukhoza kuiwalako. Koma ukakhala nawo sindiye kuti ukudwala, chifukwa anthu miyandamiyanda ali nawo ndipo ali bwinobwino.

Za mkaka ndi nkhani ina, ndipo tisamazisakanize. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndipo thupi limamugaya ndi chinthu chotchedwa lactase. Tonse timabadwa nacho, koma kwa anthu pafupifupi awiri pa atatu alionse padziko lapansi chimachepa akamakula. Amene amachisunga mpaka ukulu kwambiri ndi mitundu yoweta ng'ombe kuyambira kale, monga Amasai, Afulani ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya. Nde ngati mukamwa mkaka m'mimba mumalira ngati mvula ikubwera, simuli nokha, mwina theka la chipinda chino lili chimodzimodzi. Ubwino wake ndi woti lactose sawononga matumbo. Amangokuvutitsa maola angapo basi. Ambiri amatha kumwa mpaka kapu imodzi popanda vuto lalikulu, makamaka akamwera pa chakudya, ndipo chambiko ndi yogati zimakhala bwinoko chifukwa shuga wina amakhala atagayika kale posasa.

Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi chakuti lactase amapangidwa kunsonga kwa tizala tomwe tija. Celiac ikatiperepesa, mkaka nawo umayamba kuvuta. Ambiri akasiya gluten matumbo n'kuchira, pakapita miyezi mkaka amauyambiranso. Kwa ine sizinabwerere zonse, koma chambiko ndimamwa. Ndichenjeze chimodzi: ngati munthu akamwa mkaka amatupa milomo, amatuluka ziwengo kapena amabanika, zimenezo si za lactose. Thupi likukana puloteni ya mu mkaka, ndipo zimapha. Thamangani naye kuchipatala.

Nanga munthu umadya chiyani? Apa ife tili ndi mwayi kuposa a ku Italy, ndikunena zoona. Nsima ilibe gluten. Kondowole alibe. Mpunga wa Kilombero, mbatata, chinangwa, nthochi zophika, futali, mawere, mapira, nyemba, nsomba, nkhwani wotendera, zonsezi ndi zathu. Thobwa la chimera cha mawere ndimamwa osaopa. Za kashiamu amene anthu amati ungamupeze mu mkaka mokha, usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo bonongwe ndi mpiru zimathandizapo. Sindinagulepo buledi wa mtengo wapatali uja wa m'masitolo akuluakulu, ndipo sindinafe ndi njala.

Povuta ndi pa zobisika. Mandasi, masikono, samusa, mabisiketi ndi supageti n'zodziwikiratu. Koma ena pokazinga zitumbuwa kapena pophika chigumu amathiramo fulawa pang'ono kuti zigwirane. Pachiwaya, tchipisi pachokha chilibe vuto, koma ngati mafuta omwewo akazingira nkhuku yoviika mu fulawa, kwa ine chatha. Soseji zina, supu wa m'mapaketi ndi zokometsera ndiwo zina zimakhala ndi tirigu, nde ndinaphunzira kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kuseri kwa paketi. Mowa wambiri wa m'mabotolo umafulidwa ndi chimera cha balere. Kunyumba ndili ndi sefa yangayanga, ndipo mpeni wodulira buledi sulowa m'majarini amene ndimadya. Ngakhale mkate wa kutchalitchi ndi wa tirigu. Akatolika, mu 2017 likulu la mpingo ku Vatican linabwereza kuti mkate wopandiratu gluten suloledwa, koma wa gluten yochepa kwambiri ndi wololedwa, ndipo munthu akhoza kulandira za m'chikho zokha. Kambiranani ndi ansembe kapena abusa anu.

Koma cholemera kuposa zonse si chakudya ayi, ndi anthu. Kwathu kuno kukana chakudya cha mwini ndi mwano. Ufike kwa azakhali akupatse tiyi wamkaka ndi buledi wopaka bwino, iwe n'kunena kuti sindidya, nkhope imasintha nthawi yomweyo. Wina amati ukudzimva, wina amati ukuwaganizira kuti akuthirira mankhwala. Ndipo mawu amene ndawamva kambirimbiri ndi akuti, “Ingolawako pang'ono, sufa.” N'zoona sindifa lero. Koma pang'ono pamenepo ndi masiku angapo a m'mimba, ndipo matumbo amabwerera m'mbuyo. Ine ndimauziratu ndisanafike, ndipo ndimanena chimene ndingadye m'malo mongonena chimene sindidya: “Azakhali, mungondiphikira mbatata.” Mukatero mwini nyumba sachita manyazi, amakhala ndi chokupatsani.

Chotsiriza, ndipo ichi chikukhudza mabanja. Matendawa amayenda m'magazi. Ngati bambo, mayi, mchimwene, mchemwali kapena mwana wanu wapezeka nawo, mpata woti inunso muli nawo ndi pafupifupi umodzi pa 10, olo musamve kalikonse. Amene ali ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, aja oyamba munthu ali mwana, nawonso ayenera kuyezedwa. Mukamapita kwa dokotala, lembani kwa masabata awiri zimene mwadya ndi zimene mwamva, tchulani dzina loti celiac momveka bwino, ndipo buledi wa m'mawa umenewo mukhale mutadya.

Ndaima pomwepa a Tcheya. Amene ali ndi mafunso ochititsa manyazi, aja a chimbudzi, andipeze panja tikatuluka.