Agogo Asamangokhala pa Mphasa

Ndiyambe ndi agogo anga. Chaka chatha anadwala malungo n'kugona milungu iwiri. Atachira tinawalanda khasu ndi ndowa, n'kumawauza kuti, "Agogo, pumulani." Ife timati ndi ulemu. Pofika nthawi yokolola, agogo omwe ankakwera zitunda za kwathu ku Ntchisi atasenza nkhuni ankalephera kudzuka pa mphasa popanda wowagwira dzanja.

Vutoli ndi kutha kwa minofu, madokotala amati sarcopenia. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, akadutsa 60 imatha mofulumira. Kugona ndi kungokhala kumangoonjezera vutolo. Miyendo ikafooka kugwa sikuchedwa, ndipo kuterera kwa m'mapiri athu ano nthawi ya mvula mukukudziwa.

Ndiye titani? Choyamba, chakudya. Kuno ku Dowa ndi Ntchisi timalima soya, mtedza ndi nyemba, koma timathamangira nazo kwa mavenda, agogo n'kumadyera nsima nkhwani wopanda nsinjiro. Tizisungako zina pakhomo. Phala la soya, nyemba, dzira ndi usipa ndizo zimamanga minofu.

Chachiwiri, aziyenda. Aperekezeni kutchalitchi, asese pabwalo, m'mawa uliwonse akhale pampando n'kuimirira kangapo, inu muli pambali.

Akamaonda msanga, musangoti ndi ukalamba. Pitani nawo kuchipatala akawayeze TB ndi shuga.

Agogo anga khasu tinawabwezera, pano kudimba akupita okha. Sabata ino kaoneni anu.